A Marsi Ansomba pa Njira ya M'ngalande

Mu Negombo muno dzina lonse la Marcelline Thamel amalitchula ndi ansembe ndi a kuchipatala basi. Enafe timangoti a Marsi ansomba. Bambo awo anali msodzi, agogo awo chimodzimodzi, koma iwo atawatengera panyanja kawiri ali mnyamata anasanza ulendo wonse, kupita ndi kubwera. Ulendo wachitatu bambo awo anawasiya pamchenga n'kunena kuti, "Uyu nyanja yamukana, mupezereni njinga." Kuyambira pamenepo papita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Misa yoyamba isanalowe amakhala atafika kale ku msika wa pagombe. Amasankha nsomba, kuziyala m'bokosi lathabwa, kuthirapo ayisi, kumangirira sikelo ndi chimpeni pambali, kenako amachita chizindikiro cha mtanda n'kulowera kumpoto, kumidzi ya m'mbali mwa ngalande. Bokosilo likadzaza limalemera ngati munthu wamkulu wodya bwino. Pa handulo pali hutala ya labala, ndipo amayi a kumidziko amaidziwa kulira kwake kuposa mawu a amuna awo.

Tsiku la Poya, tsiku loyera la Abuda lobwera mwezi ukakhala wathunthu, nsomba sizigulitsidwa. Anzawo a pamsika amagona mpaka dzuwa kuwatentha kumapazi. A Marsi ayi. Amamasula bokosi, kupukuta njinga, n'kuikweranso yomweyo.

"Bambo a Dilani, mutu wanu uli bwino?" akazi awo a Jasintha akhala akufunsa funso limeneli mwezi ndi mwezi chikwatiranireni. "Munthu kupuma njinga pokwera njinga?"

"Iyi si njinga ya dzulo, mayi. Iyi ilibe bokosi. Imauluka."

"Iulukire komweko, ikabwere ndi nzeru."

Ndi pa masiku a Poya amenewa pamene a Marsi anadziwa tinjira tonse ta m'mbali mwa ngalande, todutsa m'minda ya kokonati ndi m'mphepete mwa minda ya mpunga, tinjira topanda galimoto, tamthunzi, tokumana ndi ng'azi zikuwothera dzuwa.

Chaka chatha bondo lakumanzere linayamba kutupa. Adokotala atalipapasa anawauza mosabisa kuti njinga si vuto, vuto ndi katundu. Akapitiriza ndi bokosilo chaka china chimodzi, adzasiya bokosi ndi njinga yomwe. Mwana wawo Dilani, amene akugwira ntchito ku Italy, anayamba kuimba foni Lamulungu lililonse kuti, "Adadi, khalani pansi, ine ndilipo." Anawatumizira mpando wabwino wa pakhonde. A Marsi ankaudutsa mpandowo chakutali ngati uli ndi njoka. Sankadandaula kwa munthu, koma akatuluka anthu onse m'tchalitchi iwo ankatsala atagwada pamaso pa Sebastiano Woyera, n'kumapempha chinthu chimodzi: kuti asawatsitse pa njinga.

Ndiye kunabwera Oshadi. Oshadi ndi mayi wachitsikana wa ku Kochchikade amene ali ndi kashopu kobwereketsa njinga pafupi ndi gombe, ndipo amakonza maulendo a tsiku limodzi a anthu a m'tauni ofuna kupita kukapuma mpweya wa kumidzi. Mnyamata amene ankawatsogolera anthuwo anali atapeza mwayi wa ku Italy nayenso. Tsiku lina a Marsi anamupeza Oshadi atasokera kuseri kwa fakitale ya matailosi, foni ili m'manja, ndipo anamutulutsa m'kanjira kamene foniyo sinkakadziwa.

"Amalume, mungatsogolere anthu?" anafunsa Oshadi atafika pa msewu.

"Kutsogolera kuti?"

"Kuchokera pa shopu mpaka kumtsinje, kuwoloka pa bwato la a Gunapala, kukafika ku gombe la tsidya, n'kubwerera. Katatu pa sabata. Popanda bokosi."

A Marsi mtima unagunda ngati ng'oma ya pa chikondwerero, koma nkhope anaigwira.

"Tikuyeseni pa Poya ikubwerayi," anapitiriza Oshadi. "Ndili ndi anthu khumi. Koma mumvetse, amalume. A Gunapala pa Poya amamanga bwato thwelufu koloko n'kupita kukachisi, ndipo akavala zoyera sawolotsanso munthu. Anthu anga ndawalonjeza gombe la tsidya. Tikapanda kuwoloka, ndifunafuna wina. Sindikukuwopsezani, ndikungonena."

"Mwana wanga, mtunda umenewo ine ndimaudya maola awiri ndili ndi bokosi lodzaza. Tikanyamuka seveni tikafika a Gunapala asanatsuke m'kamwa."

Apa m'pamene anaphonya, ngakhale sanadziwe. Maola awiriwo anali a tsiku la ntchito, pamene ayisi akusungunuka kumbuyo ndipo munthu sacheuka. Koma Poya imene inkabwerayo inali ya Juni, ndipo pa Poya ya Juni abale athu Abuda amamanga dansala paliponse. Pamphambano, pakhomo, pansi pa mtengo, amaphika n'kumaimitsa aliyense wodutsa ndi mbendera kuti adye kwaulere, poti kudyetsa wapaulendo ndiye dalitso lawo. Ife a kutchalitchi timadya nawo, ndipo timakhuta. A Marsi anali atadya m'madansala zaka zonsezi, koma ali okha, opanda wowadikira. Sanawerengepo nthawi imene mbale imodzi imadya.

Tsikulo anadzuka ngati mkwati. Anavala malaya oyera a ku Misa, salong'i, nsalu yawo ya m'chiuno, anaipinda m'maondo, bondo analikulunga ndi bandeji. A Jasintha anawaponyera kolona m'thumba.

"Mukalankhule zaulemu. Amenewo si amphaka anu okutsatani m'njira aja."

Pa shopu anapeza anthu khumi aja atavala zipewa zolimba ndi makabudula othina, njinga zawo zili phuliphuli, zamagiya ambirimbiri. Mnyamata wina wamtali wogwira ntchito ku bwalo la ndege, dzina lake Tharindu, anaizungulira njinga ya a Marsi kawiri.

"Ankolo, iyi munaigula kapena anaifukula?"

"Inabadwa iwe usanabadwe, ndipo ikusiya pa mtunda woyamba."

"Giya ili pati?"

A Marsi anamenya ntchafu yawo. "Iyi yoyamba. Iyi yachiwiri."

Onse anaseka, ndipo ulendo unayambika.

Ha, m'mawa umenewo! Atangotuluka m'tauni n'kukwera kanjira ka m'mbali mwa ngalande, mphepo ya kunyanja inawakankha kumsana. Madzi anali phee, mabwato opaka utoto atamangidwa mbali zonse poti asodzi akupuma, akakowa ataima pamwamba pake ngati eni ake. Mitengo ya kokonati inakumana m'mwamba n'kupanga mthunzi wautali. A Marsi anali patsogolo, msana uli njo, akuloza uku ndi uku. Apa ndi pamene panagwera ng'ombe ya uje chaka cha madzi osefukira. Tchalitchi icho chinamangidwa ndi asodzi asanu ndi awiri opulumuka namondwe. Samalani muzu uwo! Kumbuyo ankamva matayala makumi awiri ndi awiri akulira pa mchenga, anthu ophunzira akutsata iwo, wansomba. Anayamba kuimba nyimbo ya Maria chapansipansi osadziwa kuti akuimba.

Mbendera yoyamba inawaimitsa pa kamlatho. Anyamata atatu analumphira pakati pa njira akuikupiza.

"Imani, imani! Tiyi wa maluwa! Palibe wodutsa!"

Anamwa ataimirira, aliyense ndi kachidutswa ka shuga wouma wa kanjedza m'dzanja. Mphindi khumi. Oshadi anamwa nawo akumwetulira.

Yachiwiri inali ya akalipentala a Wimalasiri, chinangwa chotentha pa tsamba la nthochi, cha kokonati wopala ndi tsabola wosinja.

"A Marsi! Lero mwabwera ndi nsomba zovala zipewa? Tsikani nonse! Mayi, onjezani masamba khumi ndi awiri!"

Kukana kunali kosatheka. Munthu amene wakugula nsomba zaka makumi awiri, wadzuka kusanache kusenda chinangwa, ungamuuze kuti uli ndi changu? Tharindu anadya masamba awiri, misozi ili chuchuchu ndi tsabola, akupemphabe china.

Atachoka apo zinthu zinayamba kudabwitsa alendowo. Pa geti iliyonse dzanja la a Marsi linkafinya hutala lokha, pwee pwee, ndipo amphaka ankatuluka. Ankachokera m'mipanda, pamadenga, pansi pa magalimoto, michira ili m'mwamba, n'kumathamanga pambali pa njinga akulira.

"Ankolo, awa ndi abale anu?" anakuwa Tharindu. "Ndawerenga khumi ndi anayi!"

"Ndi makasitomala. Salipira, koma sajomba."

Mayi wina wa m'gululo anaseka mpaka njinga inalowa m'tchire. Kenako kunabwera dansala ya tchana chokazinga, kenako ya ayisikilimu, yomwe inali ndi mzere wa ana wofika kumsewu, ndipo eni ake anawalowetsa alendowo kutsogolo mokakamiza poti abwera ndi a Marsi. Paliponse dzina linali lomwelo. A Marsi, bondo lili bwanji? A Marsi, mawa mutibweretsere zazing'ono zija. A Marsi ankayankha onse, nkhope ikuwala.

Oshadi anali atasiya kumwetulira. Atakhota kachisanu kusiya ngalande, anapalasa mwamphamvu n'kuwapeza.

"Amalume, taimani. Takhoteranji apa?"

"Njira ndi imeneyi."

"Ngalande ili uko. Kanjira kowongoka ndikukaona ndi maso angawa. Kuno tikutsata chiyani?"

A Marsi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kuyang'ana kutsogolo. Panali geti yobiriwira ya aphunzitsi opuma aja amene amagula nkhanu Lachiwiri lililonse. Anacheukira kumene achokera. Kukhota koyamba kunali kwa a Wimalasiri. Kwachiwiri kwa masisitere. Kwachitatu kwa mayi wa ana amapasa. Njira imene ankaiyesa yabwino koposa m'dziko lonse inali njira yawo yogulitsira nsomba, khomo ndi khomo. Miyendo inali itailoweza kotero kuti ngakhale pa Poya inkawapititsa momwemo, iwo n'kumati akuyenda mwaufulu.

"Nthawi ili bwanji, mwana wanga?"

"Teni minitsi pasiti leveni."

"Mayi Maria!" Anatembenuza njinga pomwepo. "Tamverani nonse! Kuyambira pano palibe kukhota, palibe kuima. Mukaona mbendera, ikani dzanja pamimba, weramitsani mutu, nenani kuti takhuta, dalitso likhale lanu, koma phazi lisachoke pa pedulo. Tiyeni!"

Anabwerera ku ngalande n'kuyamba liwiro la tsiku la ntchito. Amagiya aja anayamba kupuma ngati agalu. Anadutsa dansala ina ya zakumwa akukuwa mapepeso, anyamata a mbendera akuwathamangira ndi makapu. Anadutsa ina. Fumbi linali koboo, Tharindu akukuwa kumbuyo kuti, "Ankolo, giya yachitatu munaibisa kuti?" Hafu pasiti leveni inawapeza atatsala ndi makilomita atatu okha. A Marsi anayamba kupuma bwino. Afika.

Pamenepo kanjira kamapapatiza, mbali iyi madzi, mbali iyo mpanda wa maluwa. Pakati pake panaima mayi wokalamba wovala zoyera, atagwira kambendera kachikasu ndi manja awiri.

Anali a Piyaseeli. Amuna awo a Ariyadasa, amene ankakhoma mabwato, anamwalira chaka chatha mwezi ngati womwewu. A Marsi anaponya maso kuseri kwa mpanda. Pabwalo panali chisakasa cha masamba a kokonati, mabenchi obwereka kusukulu, mbale zitasanjidwa, miphika inayi ikuluikulu ili chivundikirire. Pamabenchipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu onse anali atakokedwa ndi madansala a kumsewu waukulu okhala ndi zokuzira mawu. Kuno kunjira ya njinga kunalibe wodutsa.

"A Marsi," anatero mayiwo, "ndimadziwa kuti inu simulephera kudutsa pa Poya. Ndaphika m'dzina la malemu achimwene anu, amuna anga aja. Chiyambire m'mawa adya ndi anthu atatu."

A Marsi anatsitsa phazi pansi. Uwu sunali tiyi womwa choimirira. Unali mpunga ndi ndiwo zake, wokhalira pansi, wosambira m'manja. Mphindi makumi anayi, zikachepa. Oshadi anaima pambali pawo n'kulankhula motsitsa.

"Amalume, ndikuwaona. Agogo anga ankachita zomwezi, mtima ukundipweteka. Koma tikakhala pansi apa, bwato lapita."

A Marsi anayang'ana miphika, anayang'ana kanjira kopita kumtsinje. Anaona mpando wa pakhonde uja ukuwadikira. Kenako china chake chinawagwera m'mutu, ndipo anaseka mokweza mpaka a Piyaseeli anadzidzimuka.

"Bwato limapita lokha? Lili ndi miyendo?"

"Mukuti bwanji?"

"Khalani pansi nonse! Achemwali, pakulani, musaumire! Mbale imodzi muisunge, ndikubwera ndi mlendo."

"Amalume, mukupita kuti?"

Koma a Marsi anali atapita kale.

Makilomita atatu amenewo anthu a m'mbali mwa ngalande amawakambabe. Ena amati anaona malaya oyera okha akudutsa. Nkhuku zinabalalika, ng'azi inadziponya m'madzi, bambo wina amene ankatsuka njinga yamoto anatsala atagwira ndowa kukamwa kuli yasa. A Marsi anawerama pa handulo, salong'i ikupepeluka, akupalasa ngati kumbuyo kuli nsomba za ukwati ndipo ayisi watha.

Anawapeza a Gunapala ataima m'madzi ofika m'maondo akusamba, malaya oyera atapachikidwa pa mtengo. Ndi kamunthu kochepa thupi, kouma ngati nsomba ya padzuwa, ndipo ndi a Marsi anadziwana ali anyamata. Pagombe panali amayi awiri ndi banja lina la pa njinga yamoto, akudikira ulendo womaliza.

"Iwe wansomba, ndi pa Poya pomwe ukununkhabe?" anatero a Gunapala. "Alendo ako ali kuti? Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Ine sindidikira munthu, angakhale bishopu wako."

"Vala malaya, kwera apa."

"Ndikwere pati? Pa kaliyala ya nsomba? Wapenga?"

"Kwa a Piyaseeli miphika inayi ili chidzazire. Adya anthu atatu."

A Gunapala anasiya kudzithira madzi. "Atatu?"

"Atatu. Mayi aja aima panjira ndi kambendera ngati mwana wotayika."

"Ine ndikupita kukachisi, Marsi. Ndinalonjeza."

"Pita. Ukafika ukawauze amonke kuti wakana mpunga wa mayi wamasiye, wophikidwa m'dzina la Ariyadasa. Bwato ukuwolotsera anthuli analikhoma ndani? Pamene linabowoka chaka chija, anagona m'matope masiku atatu akulimata ndani?"

"Usandiphunzitse chipembedzo changa, iwe wa kolona."

"Sindikukuphunzitsa. Ndakubweretsera galimoto."

A Gunapala anatukwana chapansipansi mawu osayenera tsiku la Poya, anatuluka m'madzi, anavala malaya thupi lili chinyowere.

"Nanga ife?" anafunsa mmodzi wa amayi aja. "Tiwoloka bwanji?"

"Amayi, bwato silichoka mwini wake asanadye," anatero a Marsi. "Inunso mwadya? Tsatani kanjira aka, mukaona mpanda wa maluwa ofiira mwafika. Achimwene a njinga yamoto, tsogolani, mukauze aliyense mungakumane naye!"

Kubwerera kunali kwina. A Gunapala n'ngopepuka kuposa bokosi, koma bokosi silitukwana ndipo siligwira munthu m'nthiti. Pa dzenje lililonse ankakuwa kuti, "Ufuna undiphe tsiku loyera!" Atapita kilomita imodzi bondo linayamba. Poyamba linkangotentha, kenako linkabaya ngati mwalowa minga ya nsomba. A Marsi analuma mano. Anasiya kuyankha zotukwanazo n'kuyamba Tikuoneni Maria, liwu limodzi pa kupalasa kumodzi, mwendo wakumanja ukugwira ntchito ya miyendo iwiri.

"Wangoti zii bwanji?" anafunsa a Gunapala. Kenako anaona mmene phewa likupendekera. "Ndi bondo lija? Ima nditsike, chitsiru iwe, ndiyenda."

"Khala pomwepo. Ukatsika uthawa."

Atatulukira pa mpanda wa maluwa, Tharindu ndiye anayamba kuwaona. Anaimirira dzanja lili mpunga wokhawokha.

"Anthuni, taonani! Ankolo aba mwini bwato!"

Pabwalo panaphulika chiseko ndi m'manja. A Gunapala anatsika mwaulemu wonse umene munthu angakhale nawo atakwera pa kaliyala ya nsomba, anakonza malaya, n'kupita kukaweramira a Piyaseeli.

"Mlamu, mukanatuma uthenga. Ndamva ndi wansomba?"

A Piyaseeli ankangopakula, misozi ikutsika, akumwetulira. Mpunga wofiira, mphodza za mkaka wa kokonati, maungu, mabiringanya okazinga. Njinga yamoto ija inafika ndi anthu ena asanu amene inawaitana m'njira, amayi awiri aja anafika, ndipo anthu a kumsewu ataona njinga khumi ndi ziwiri zitatsamira mpanda anaganiza kuti kuno ndiye kuli zokoma, nayamba kukhotera konko. Mabenchi anadzaza. Ena anadyera choimirira. Mphika woyamba unapalidwa mpaka pansi, wachiwiri unatsegulidwa.

A Marsi anakhala pa chitsa mwendo atautambasula, mbale ili pa ntchafu. A Piyaseeli anabwera kudzawaonjezera ndiwo ndi dzanja lawo.

"Dalitso la lero lifike kwa achimwene anu," anatero mayiwo, "ndipo lina likhale lanu."

"Mulungu awapatse mpumulo," anayankha a Marsi. Aliyense ananena m'njira ya kwawo, ndipo zinakwanira.

A Gunapala atasamba m'manja anayang'ana dzuwa n'kupukusa mutu. "Thwelufu yapita kalekale. Amonke ayamba kulalikira ine kulibe." Anayang'ana alendo aja mmodzimmodzi. "Nanga ndikusiyani bwanji pagombe anthu ndadya nanu mphika umodzi? Tiyeni. Koma pobwerera mukazungulire ku mlatho, ine musandifunenso. Ndipo ine pa chinthu icho sindikweranso." A Gunapala anakwera njinga yamoto ija, amayi awiri aja n'kunyamulidwa pa njinga za alendo.

Anafika kumtsinje itatsala pang'ono wani koloko. Bwato la a Gunapala ndi lathyathyathya, lokoka ndi chingwe chomangidwa tsidya ndi tsidya. Anakweza njinga zonse, amayi awiri aja, ndi njinga yamoto pakati. Litangochoka pagombe, mphepo ya kunyanja inawawomba kumaso, ndipo kumanzere, kumene mtsinje umathera, kunaoneka mafunde oyera akuswekera pa mchenga. Alendo anakuwa ngati ana a sukulu. Tharindu anapempha kukoka nawo chingwe, a Gunapala n'kumuuza kuti akukoka ngati munthu wosadya, chonsecho wamaliza mbale zitatu.

A Marsi anakhala m'mphepete. Anamasula bandeji, kuiviika mumtsinje, n'kuikulunganso. Oshadi anabwera kudzakhala pambali pawo. A Marsi sanayerekeze kumuyang'ana.

"Mwatichedwetsa pafupifupi ola lathunthu, amalume."

"Ndi zoona."

"Mwatikhotetsa kasanu popanda chifukwa."

"Kasanu ndi kamodzi. Kwina simunaone."

Oshadi anagwira pakamwa kuti asaseke. "Bondolo likutheka?"

"Lakwiya chifukwa cha katundu wolongolola uja. Popanda katundu silidandaula."

"Chabwino. Lachitatu tiyende awiri, inu ndi ine. Tikasankhe njira imodzi, ndiilembe, ndipo mukhala mukutsata imeneyo, osati ya miyendo yanu. Makomo awiri kapena atatu tiwasiya momwemo, anthu awakonda. Loweruka muli ndi anthu asanu ndi atatu."

A Marsi anayang'ana madzi. Anafuna kunena mawu aulemu monga anawalangizira akazi awo, koma anangolowetsa dzanja m'thumba n'kufinya kolona.

"Loweruka lomwe lino?" anafunsa potsiriza.

"Lomwe lino. Seveni koloko."

"Hafu sikisi," anatero a Marsi. "Seveni dzuwa limakhala litakwera kale."

Bwato linagunda mchenga wa tsidya. A Marsi anadzuka msanga kuposa mmene bondo linkafunira, anatsitsa njinga yawo, n'kuima m'madzi ofika m'akakolo dzanja lili m'mwamba.

"Mmodzimmodzi, anthu anga! Tsikirani kumanja, kumanzereku kuli matope. Gombe lili kuseri kwa mitengo iyo. Iwe wamtali, tenga njinga ya amayiwa. Tiyeni!"